Mwana Amene Sangathe Kukana

Pamene Papa Francis anakacheza ku Thailand mu Novembala 2019, Eklezia wa m'dzikomo anali kukumbukira zaka 350 chikhazikitsidwire Mishoni ya Siam m'chaka cha 1669. Zaka zonsezo zapita, koma akatolika anali asanakwane 400,000 pakati pa anthu oposa 65 miliyoni. Ndipo tikaphatikiza akristu a mipingo yonse tipeza kuti pa anthu 100 alionse mkristu ndi mmodzi, kapena kupitirira pang'ono chabe. Anthu oposa 90 pa 100 amatsata chiphunzitso cha Buddha. Ziwerengero zimenezi zimawawa mtima amishoni ambiri, ndipo amene amawerenga makalata amene iwo amatumiza kwa owathandiza ndi ndalama alidziwa kale dandaulo lake: nthaka ya Thailand ndi youma, akuluakulu samva, choncho tiyeni tithamangire kwa ana, pakuti m'mera mpoyamba. M'ganizo limeneli ndimo mwatuluka nyumba zogonera ana a sukulu, maphunziro a Chingerezi aulere, matimu a mpira, misonkhano ya pa tchuthi, ndi alangizi amene amayenda ndi wachinyamata mmodzimmodzi kwa zaka zambiri. Ntchito zimenezi zalanditsa ana ambiri ku umbuli ndi ku zoipa zina zoposa umbuli, ndipo sitikufuna kuzinyoza. Chimene tikufuna kuyeza pano ndi muyeso umene makalatawo amayezera ntchito yawo, ndiko kuwerenga ana amene avomera ubatizo, ngati kuti "inde" aliyense amalemera chimodzimodzi ndi mnzake.

Kuyang'ana kwa achinyamata si kwachilendo kumeneko. Ansembe awiri achipwitikizi a chipani cha Dominic Woyera anafika ku Ayutthaya, likulu lakale la Siam, mu 1567. Koma maziko enieni anaikidwa ndi maepiskopi achifalansa, Pierre Lambert de la Motte amene anafika mu 1662 ndi François Pallu amene anamtsatira mu 1664. Ntchito yawo yaikulu yoyamba inali kutsegula seminale mu 1665, kuti anyamata a ku Asia adzakhale ansembe a anthu a kwawo. Maepiskopiwo anali atanyamula malangizo a ku Roma, olembedwa mu 1659, owaletsa kusintha miyambo ya anthu pokhapokha ngati ikutsutsana poyera ndi chikhulupiriro, ndiponso owaletsa kulowerera m'ndale za mafumu. Malangizo anali abwino. Kuwasunga ndiye kunavuta. Mfumu Narai ya Siam inapatsa amishoni malo omangapo, inawalandira ndi ulemu waukulu, ndipo ku France anthu anayamba kuganiza kuti yatsala pang'ono kubatizidwa. Mfumu Louis XIV inatumiza akazembe mu 1685 ndi chiyembekezo chimenecho, ndipo mu 1687 inatumizanso asilikali. Narai sanabatizidwe. Mu 1688 akuluakulu a dzikolo anagaluka, asilikali achifalansa anapirikitsidwa, ndipo Episkopi Louis Laneau anaponyedwa m'ndende. Dzina lakuti "chipembedzo cha alendo" linamatirira pa Chikristu, kotero kuti Papa mwini, polankhula ndi ansembe, asisitere ndi akatekisti ku Sam Phran mu 2019, anaulula kuti zinampweteka kuwerenga kuti anthu ambiri akuchitchulabe motero. Cholakwa cha akazembe aja chinali chimodzi: anatenga ulemu ngati chivomerezo. Komatu Narai anali mfumu, ndipo anali ndi njira zokanira. Mwana wa zaka 13 amene akugona m'nyumba ya mishoni alibe.

Kuti timvetse kulemera kwa "inde" wa mwana wa ku Thailand tiyenera kudziwa mawu awiri a m'chinenero chawo. Oyamba ndi bun khun, ndiyo ngongole ya mumtima imene munthu amakhala nayo kwa amene anamchitira zabwino zazikulu, makamaka makolo ndi aphunzitsi. Ngongole imeneyi siitha kubwezedwa; munthu amakalamba nayo. Achiwiri ndi kreng jai, ndiko kuopa kukhumudwitsa, kulemetsa kapena kuchititsa manyazi munthu amene umamlemekeza. Mwana woleredwa bwino sayankha mkulu kuti "iyayi" m'maso muli gwa; amamwetulira, nawerama, navomera, ndipo za mumtima amazisunga. Chaka chilichonse, Lachinayi lina kuchiyambi kwa chaka cha sukulu, ana amachita mwambo wa wai khru: amagwada pamaso pa aphunzitsi awo napereka maluwa, pamodzi ndi udzu wa kapinga, umene umaphukanso ngakhale aupondereze, ndi duwa la biringanya, limene limaweramira pansi, chizindikiro cha kudzichepetsa. Ndi mwambo wokongola, ndipo m'sukulu za Katolika umachitikanso. Koma tanthauzo lake kwa ife ndi ili: mmishoni aliyense amene wagwira choko, kapena amene akuphunzitsa Chingerezi pansi pa mtengo, wakhala pa mpando wa khru, afune asafune. Akafunsa mwana ngati akufuna kulandira Yesu, mwana samva funso ayi. Amamva pempho la munthu amene sakanidwa. Magulu a achinyamata a ku America kapena ku Korea amene amabwera kwa milungu iwiri nabwerera kwawo ndi chiwerengero cha manja amene anakwezedwa pa msonkhano, kawirikawiri amakhala atawerenga ulemu wa ana, osati chikhulupiriro chawo.

Mbali ina kuli mayi, amene makalata aja satchula. Mwa mwambo wa Abuda a ku Thailand, mnyamata akafika zaka 20 amalowa m'nyumba ya amonke kwa milungu ingapo kapena kwa miyezi itatu ya dzinja; amameta mpala, navala mkanjo wachikasu. Mphotho ya ntchito yopatulika imeneyi amakhulupirira kuti imapita makamaka kwa mayi wake, ndipo anthu amati mwanayo akubweza mtengo wa mkaka umene anayamwa. Mnyamata amene wabatizidwa sadzavala mkanjo umenewo. Kwa mayi wake, tsono, ubatizo si nkhani ya kumene mwana azikapemphera Lamulungu. Ndi kulandidwa chinthu chimene wakhala akuchiyembekezera chibadwire mwanayo. Wachinyamata uja waima pakati pa ngongole ziwiri, ya amene anamuyamwitsa ndi ya amene akumlipirira sukulu, ndipo kulikonse kumene angatembenukire wina atsala ndi chilonda. Tidziwa kuti Ambuye anachenjeza kuti kumtsata kudzagawa mabanja. Koma anali kunena za mtanda umene munthu amausenza mwini wake atadziwa chimene akuchita, osati umene mlendo amausenzetsa mwana wa eni, iye nakwera ndege.

Kumapiri a kumpoto, ku Chiang Mai ndi ku Chiang Rai, nkhani ndi yosiyana pang'ono, ndipo kumeneko ndi kumene Eklezia wakhala akukula, mpaka Chiang Rai inakhala dayosizi payokha mu 2018. Anthu a kumeneko, a mitundu ya Karen, Akha, Lahu, Lisu ndi Hmong, ali ndi zinenero zawo, ndipo ambiri anali opembedza mizimu ya makolo. Midzi yawo ili kutali ndi sukulu za sekondale, ndipo ena mwa iwo alibe chiphaso cha unzika ngakhale anabadwira m'dziko momwemo. Ansembe a chipani cha Betharram atathamangitsidwa ku China kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950 anadzakhala pakati pa anthu a Karen, naphunzira chinenero chawo, ndipo Bambo Joseph Seguinotte anatsegula ku Mae Pon malo osungira ndi kuphunzitsira ana a kumapiri. Lero a Karen ali ndi akatekisti, asisitere ndi ansembe awoawo. Amene anganene kuti nyumba zoterezi zilibe phindu sanaone mwana wamkazi wa kumudzi amene njira yake ina inali yopita kumabala a m'tauni.

Koma pamene phindu likukula ndi pomwenso mphamvu ikukula. M'nyumba yogonera, dzanja limene limagawa mpunga, kulipira fizi ndi kugula yunifomu ndi lomwelo limene limaimba belu la mapemphero. Kuwonjezera pa nyumba za madayosizi ndi za mipingo yodziwika, kumpoto kwadzaza nyumba zina za anthu paokha, zina zosalembedwa ndi boma, zimene zimadzitchula kuti nyumba za ana amasiye pamene ana ambiri a m'menemo ali ndi kholo lamoyo, mwina onse awiri. Chifukwa chake nchosabisika: opereka ndalama amamasula thumba msanga akamva za wamasiye kuposa akamva za mwana wa mlimi wosauka. Mwana amachoka kwawo ali ndi zaka 7, nabwerako ali ndi zaka 18, chinenero cha agogo ake chikumuvuta m'kamwa, ntchito ya kumunda sakuidziwa, ndipo mwina ataphunzira kuti zonse za kwawo ndi za ziwanda. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Timakonda theka loyamba la mwambiwu. Theka lachiwiri lili ndi fungo la malonda, ndipo mishoni imene imalera mwana wa eni kuti idzadye naye, kaya m'chiwerengero cha obatizidwa kaya m'zithunzi zopemphera ndalama, yatsata theka lachiwirilo. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican sunazungulire pa nkhaniyi. Chikalata cha Ad Gentes, m'ndime 13, chimaletsa zolimba kukakamiza munthu kulowa m'chikhulupiriro kapena kumkopa ndi njira zosayenera. Ndipo Dignitatis Humanae, m'ndime 4, chimaonjeza kuti kusamala kumeneku kufunika koposa pamene tikuchita ndi anthu osauka kapena osaphunzira. Amishoni akale a ku Asia anali ndi dzina lonyozera otembenuka chifukwa cha njala, ankati akristu a mpunga. Chitonzocho anachiika pa wakudya. Ife tiona kuti chikuyenera woomola.

Njira ina ilipo, ndipo yaonekera pakati pa a Karen omwewo. Bambo Niphot Thianwihan, wansembe wa ku Thailand komweko, analimbikitsa midzi kusonkhanitsa mpunga wawo kuti uthandize amasiye, okalamba ndi midzi imene sinakolole, pomangira pa ulemu umene a Karen amapatsa mpunga chiyambire makolo awo. Akristu, Abuda ndi opembedza mizimu amaponyamo limodzi. Mwana amene wadya mpunga umenewo ali ndi bun khun ndithu, koma ali nayo kwa anthu a kwawo, ndipo ngongole yotero imamkokera kumudzi m'malo momchotsako.

Tsono pasakhale mkatolika woganiza kuti mlandu uwu ngwa anzathu a mipingo ina okha. Ife tili ndi wathu, ndipo uli mbali inayo. Bambo Émile Colombet anatsegula Assumption College ku Bangkok mu 1885 ndi ana 33, ndipo mu 1901 anaipereka kwa Abale a Gabriel Woyera, a banja lauzimu la Louis-Marie de Montfort. Chaka chomwechonso ansembe a Montfort, a banja lomwelo, anali kumanga msasa wawo woyamba ku Nzama kuno kwathu. Asisitere a Paul Woyera a ku Chartres anafika mu 1898, a Ursula Woyera mu 1924, ansembe a Salesian mu 1927, ndipo sukulu za Katolika zinatchuka m'dziko lonse. Ana ambiri a m'sukulu zimenezi ndi Abuda, ndipo amatuluka ali Abuda. Sanya Dharmasakti, amene anakhala nduna yaikulu ya dziko kuyambira 1973 mpaka 1975 ndipo pambuyo pake anatsogolera bungwe la World Fellowship of Buddhists, anaphunzira ku Assumption. Owerenga mabatizo amati apa ndiye umboni wakuti sukuluzi zinalephera. Ife tikuti iyayi: sukulu imene kholo lachibuda limaikhulupirira ndi mwana wake, podziwa kuti sadzamtchera msampha, yachita chinthu chimene asilikali a Louis XIV anachiwononga. Mlandu wake weniweni ndi wina. Zina mwa sukulu zotchuka za m'mizinda zasanduka malo a ana a anthu olemera, ndipo kuopa kukhumudwitsa makolo olipira kungathe kutseka pakamwa ngakhale pa nkhani za chilungamo. Tsoka lake ndi lakuti tingapezeke tikulemekeza chikumbumtima cha mwana wa nduna m'tauni, uku tikuchiumiriza cha mwana wa mlimi kumapiri. Ndipo ngati zili choncho, chimene tikulemekeza si chikumbumtima ayi, koma udindo wa bambo wake.

Ku Klong Toey, malo a zisakasa oyandikana ndi doko la Bangkok, kunachitika zina. Bambo Joseph Maier, wa chipani cha Redemptorist, anafika ku Thailand mu 1967, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 anakakhala pafupi ndi kophera nkhumba, kumene ambiri mwa ogwira ntchito anali akatolika osauka, pakuti Mbuda wodzipereka amapewa kupha chamoyo. Pamodzi ndi Sisitere Maria Chantavarodom anatsegula sukulu ya mkaka, kumene mwana ankalipira baht imodzi patsiku. Ntchito imeneyo inakula nkukhala Mercy Centre, yosamalira ana a m'misewu ndi ana odwala Edzi. Ndipo mwana wachibuda analeredwa ngati Mbuda, wachisilamu ngati Msilamu. Ena adzafunsa, ndipo funso lawo ndi lolemera: kodi Ambuye sanatitume kukaphunzitsa mitundu yonse ndi kuibatiza? Kodi wansembe amene salalikira kwa ana amene ali m'manja mwake sanabise nyale pansi pa mbiya? Tiyankha kuti nyale sinabisike. Ana ankaona mtanda, ankadziwa kuti bambo amene akuwasungayo amachita Misa, ndipo ofuna kufunsa ankatha kufunsa. Papa Paul VI, m'chikalata chake cha Evangelii Nuntiandi cha 1975, anaika umboni wa moyo patsogolo, nanenanso kuti umboniwo uyenera kufika pakutchula dzina la Yesu poyera, sitikutsutsa zimenezo. Tikungofunsa za nthawi yake ndi za ufulu wa womverayo. Ambuye anachiritsa akhate khumi, wobwerera kudzathokoza anali mmodzi, ndipo asanu ndi anayi aja khate silinawabwerere. Mnyamata wolemera uja anamlola kupita, ngakhale anamkonda. Atadyetsa khamu la anthu ndi kuona ambiri akumsiya chifukwa cha mawu olimba, anafunsa ophunzira khumi ndi awiri ngati iwonso akufuna kuchoka. Amene amatsegula chitseko motero ndiye angathe kukhulupirira otsalawo.

Eklezia wa ku Thailand ali ndi umboni wakewake wa zimene kulera koona kumabala. Mu 1940, pa nthawi ya nkhondo ya Thailand ndi France yolimbirana malire, boma la Phibun Songkhram linayamba kuona akatolika ngati akazitape a Afalansa. Ku Songkhon, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Mekong, wansembe anathamangitsidwa, natsala katekisti Philip Siphong Onphitak ndi asisitere awiri ophunzitsa sukulu, Agnes Phila ndi Lucia Khambang, a chipani cha Okonda Mtanda chimene chinayambitsidwa ndi Lambert de la Motte uja. Philip anaphedwa pa 16 Disembala. Pa 26 Disembala apolisi anawombera kumanda asisitere awiriwo, mayi wophikira Agatha Phutta, ndi atsikana atatu: Cecilia Butsi wa zaka 16, Bibiana Khampai wa zaka 15 ndi Maria Phon wa zaka 14. Papa John Paul II anawatchula odala pa 22 Okutobala 1989. Taonani kuti panalibe mzungu pamenepo, panalibe mpunga wa mishoni, panalibe wolipira fizi woti amkondweretse. Kreng jai yonse inali kuwauza atsikanawa kuti awerame ndi kuvomera zimene mkulu wa apolisi akufuna. Iwo anakana. Katekisti wa m'mudzi ndi aphunzitsi awiri anali atalera ana otha kunena "iyayi" kwa munthu wamfuti. Mlangizi amene ana ake sanamkanepo chilichonse ayenera kudzifunsa kuti adzaphunzira kuti kukana wina.

Dziko lonse linaona chinthu chonga ichi mu 2018, ngakhale ambiri anangoona madzi ndi matope. Pa 23 Juni anyamata 12 a timu ya mpira ya ku Mae Sai, a zaka za pakati pa 11 ndi 16, anatsekeredwa ndi madzi m'phanga la Tham Luang pamodzi ndi mphunzitsi wawo Ekkapol Chantawong, wa zaka 25. Ekkapol anali wamasiye woleredwa m'nyumba ya amonke, ndipo mumdima umo anaphunzitsa anyamatawo kukhazika mtima pansi monga anaphunzirira kumeneko. Pamene akatswiri awiri a ku Britain osambira pansi pa madzi anawapeza pa 2 Julayi, amene anatha kulankhula nawo Chingerezi anali Adul Sam-on, wa zaka 14, wochokera ku Myanmar, amene makolo ake anamtumiza ali wamng'ono kuti akaleredwe ndi kuphunzitsidwa ndi tchalitchi lina lachiprotestanti ku Mae Sai. M'phanga limodzi munali mwana wa kachisi ndi mwana wa tchalitchi, ndipo aliyense anatulutsa zimene anamlera nazo. Atapulumutsidwa onse, anyamata 11 ndi mphunzitsi wawo anameta mpala nalowa m'nyumba ya amonke pa 25 Julayi, pothokoza ndi pokumbukira Saman Kunan, amene anafera m'phangamo powalanditsa. Adul sanalowe nawo, chifukwa ndi mkristu. Bun khun imene anali nayo kwa womwalirayo ndi kwa dziko lonse inali yaikulu kuposa ya mwana aliyense wa m'nyumba zathu zogonera, komabe Abuda anamsiyira mpata wokana, ndipo anakhalabe mnzawo wa m'timu.

Ndi ngozi imeneyo imene inaulula kuti Ekkapol, Adul ndi anyamata ena awiri analibe unzika wa dziko lililonse. Munthu wotero sangayende momasuka kunja kwa chigawo chake, ntchito zina saloledwa kugwira, ndipo malo sangagule. Anayiwa analandira unzika wa Thailand pa 8 Ogasiti 2018, patangopita milungu inayi chitulukire m'phanga, chifukwa maso a dziko lapansi anali pa iwo. Anzawo ongoleredwa popanda kamera anatsala pa mzere, mpaka mu Okutobala 2024 nduna za boma zinavomereza njira yofulumizira mapepala a anthu pafupifupi 483,000. Alipo asisitere, abusa ndi akatekisti kumpoto amene kwa zaka zambiri akhala akuperekeza ana otere ku ofesi ya boma, kufunafuna mzamba kapena mfumu ya mudzi yochitira umboni kuti mwanayo anabadwiradi kumeneko, ndi kubwereranso mwezi wamawa fayilo ikasowa. Ana ena mwa awo ndi obatizidwa, ena ayi, ndipo m'makalata opita kwa opereka ndalama ntchito imeneyi imapatsidwa mzere umodzi kumapeto, pansi pa zithunzi za mu mtsinje.